Mchenga wa m'botolo la jamu

Pawindo la kukhitchini kwathu ku Tyrrelstown, mu Dublin, pali botolo la jamu lodzaza mchenga wofiirira. Alendo akafunsa, amayi ankangoti, "Lisiyeni pomwepo." Mpaka lero lili pomwepo, ndipo wofuna kulisuntha ayambe wathana ndi ine.

Mchengawo tinakautenga chaka chimene amayi analandira pasipoti ya dziko lino. Anzanga a m'kalasi ankapita kokasambira ku Spain, ife tinakwera ndege ya ku Namibia. Amalume, omwe anachokera ku Dedza pa basi, anatichingamira ndi galimoto yobwereka yomwe windo lake lakumbuyo silinkatseguka. Ine ndinali mwana wa mu Dublin weniweni: Chichewa ndinkamva, koma ndinkayankha m'Chingelezi, ndipo zoyankha zangazo zinali madandaulo okhaokha.

Agogo aamuna anapita kumigodi ya m'chipululu cha ku Namibia amayi ali kamtsikana, osabwerako. Kumudzi kunangofika bulangeti lawo ndi uthenga wapakamwa. Manda awo panalibe ankawadziwa, ndiye amayi anati akawafuna okha. Ine ndinkazimva ngati nkhani ya anthu ena.

Msewu unali wowongoka ngati chingwe choyanikira zovala. Mpando unkandiwotcha ntchafu, milomo inang'ambika, mchenga unkalowa mpaka mu buledi. Tikangoona kachikwangwani kolozera malo a mbiri yakale, amayi ankagwira phewa la amalume, galimoto n'kukhota. Tinalowa m'kasiteshoni ka sitima komwe njanji yake inakwiririka, m'katchalitchi konunkha mileme, m'nyumba ya dokotala wa pamgodi momwe ankaonetsa bafa ndi piyano. Pansi pa zithunzi panali mayina a azungu, ngakhale galu wa manijala anali ndi dzina. Anthu akuda ankangoima kumbuyo ndi mafosholo, opanda dzina. Zimenezi zimandipsetsa mtima lero, koma nthawiyo ndinkangofuna ayisikilimu. Amayi ankayang'ana nkhope iliyonse mosathamanga, kenako n'kufunsa wapakhomo kuti anthu amenewa akamwalira ankaikidwa kuti.

Ambiri ankangopukusa mutu. Pa kamyuziyamu kena kakutali, mwini wake, bambo wa kabudula ndi mawondo ofiira, analoza kuseri kwa waya. Anati antchito ochokera kumpoto ankaikidwa kumeneko, koma kulibe choona, n'koletsedwa, ndipo kutolako ngakhale kamwala ndi mlandu. Kunali timilu ta miyala topanda mitanda.

Amalume ananong'ona kuti tidziwa bwanji ngati bambo athu ali pamenepa.

"Ngati si iwo, ndi anzawo, achimwene," anatero amayi. "Anagona limodzi, dothi ndi limodzi."

Anamanga chitenje pamwamba pa jinzi, anavula nsapato, n'kuwoloka waya uja. Mchenga unkatentha moti ine sindikanaupondapo. Bambo uja anafuula kuti aitana apolisi. Amayi anacheuka n'kumuyankha m'Chingelezi chomwe ankalankhulira ndi okalamba amene ankawasamalira kuntchito kwawo, pang'onopang'ono ndi momveka: aitaneni, kuno munatenga munthu wathunthu, ine ndikungotenga mchenga wa m'manja.

Ndinachita manyazi, ndinabisala kumbuyo kwa galimoto. Lero ndikadakhala ine wonyamula wayayo kuti adutse bwino.

Anagwada, anayankhula motsitsa mawu zimene sindinamve, kenako anadzaza mabotolo awiri. Amalume anali atavula chipewa padzuwa lonselo. Apolisi sanabwere. Bambo uja analowa m'nyumba mwake n'kumenyetsa chitseko. Botolo lina amalume anapita nalo ku Dedza kukalikwirira pafupi ndi agogo aakazi, linalo ndi ili la pawindo.

Tisanakwere galimoto, amalume anatulutsa chigubu cha madzi akumwa. Madziwo anali atatsala pang'ono, tauni ili kutali. Anathira m'manja mwa amayi, amayi anathira mwa amalume, kenako anandiitana. Ndinakana. Ndinati madzi akumwa sawataya m'chipululu, ndipo manja anga ndi oyera, sindinagwire kanthu.

"Bwera kuno usambe," anatero amayi. "Nawenso unalipo."

Ndinatambasula manja nditakwinya nkhope, maso ali pa madzi omwe ankalowa mumchenga. Sindinkadziwa kuti kwathu anthu amasamba m'manja akamachokera kumanda, ndi kuti maliro a agogo anga anali atangotha kumene, olira tilipo atatu.