Nambala Imene Ndinalemba pa Sikelo ya ku Chimbonila

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, amene ankaphikira onyamula matumba pa depoti ina ya mbewu ku Chimbonila. Kunkafunika munthu wodziwa kulemba Chipwitikizi, ndipo ine ndinali nditangomaliza sukulu, ndikungokhala kwathu ku Namacula, mu mzinda wa Lichinga. Anandiika pa sikelo ya malole.

Sikeloyo inali chitsulo chachikulu choyalidwa pansi, ine ndinkakhala m'kachipinda ka zenera limodzi pambali pake. Lole inkayamba yakwerapo yopanda kanthu. Ikapakira chimanga, nyemba kapena mbatatesi, inkakweranso, ine n'kuchotsera nambala yoyamba pa yachiwiri. Zotsalazo ndinkazilemba pa giya, pepala limene dalaivala amaonetsa apolisi panjira, n'kudindapo chidindo.

Chaka chachiwiri, abwana a depotiyo anayamba kunena kuti malole a masiku ano akuloledwa kunyamula zambiri, ndiye ifenso tisatsalire. Koma malole amene ankanenawo anali atsopano, a matayala ambiri. Athu anali akale, masipuling'i owotcherera. Lole iliyonse anayamba kuionjezera mizere iwiri ya matumba pamwamba.

Amene anadandaula ndi Che Saide okha, dalaivala wamkulu pa onse, amene anaphunzira ntchitoyi ku Malawi nthawi imene anathawirako nkhondo. Tsiku lina akudikira giya anandiuza kuti: "Mwanangu, injini imakoka chilichonse. Vuto limabwera pofuna kuima." Abwana atamva zimenezi anawayankha kuti ofuna chiwongolero ndi ambiri kunja kwa geti.

M'mawa wina kunali chifunga cha mu Juni, chozizira mpaka zala kukanika kugwira cholembera. Lole ya Che Saide inakwera pa sikelo itasenza chimanga chopita ku Cuamba. Matayala akumbuyo anali ataphwanthuka m'mbali, ndipo nambala imene inatuluka ndinali ndisanaionepo. Abwana anaima kumbuyo kwanga n'kunena motsitsa mawu kuti: "Lemba ya masiku onse." Ndinayang'ana pa zenera. Che Saide anali akundiyang'ana. Ndinalemba nambala yabodza, n'kudinda. Analandira pepalalo ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Uthenga unafika dzuwa lisanafike pamutu. Pamalo ena otsetsereka, shapa, minibasi yonyamula anthu, inaima kutsogolo kwa lole ija kutsitsa anthu. Che Saide anaponda mabuleki, koma anali atatentha kale, lole inangopitirira. Pofuna kupewa shapa yodzaza anthu, anakhotetsera mbali ina, komwe kunkabwera njinga yamoto. Pa njingapo panali mphunzitsi wa ku Lione. Anafera pomwepo, lole n'kugwera m'ngalande.

Abwana anatumiza msanga lole ina kukatola matumba, ena n'kutengedwa ndi anthu a m'mudzimo, moti panalibenso choti apolisi ayeze. Apolisiwo anangowerenga giya yanga, ndipo inkanena kuti katundu anali wa pamlingo wake. Mlandu wonse unagwera Che Saide, kuti ankathamanga mu chifunga. Palibe wapolisi amene anabwera kudzandifunsa, nanenso sindinapite kukanena. Ndinkaopa ndende, ndinkaopanso kuchotsetsa ntchito azakhali.

Che Saide anathyoka chiuno, ndipo laisensi anawalanda. Patapita miyezi ndinakawaona kwawo. Ndinawapeza atagona pamkeka pakhonde, ndodo ili pambali. Ndinagwada n'kuyamba kufotokoza za nambala ija, koma anandidula. Anati iwonso anaiona lole m'mene inalili, ndipo makiyi anali m'manja mwawo. Kenako anandifunsa ngati ndinkadziwa kuti mphunzitsi uja anasiya ana atatu. Sindinkadziwa. Iwo ankadziwa mayina a onse atatu, ndipo anawatchula mmodzimmodzi.

Ndinasiya ntchito kumapeto kwa mwezi womwewo. Lero ndimayezabe malole pa depoti ina mu Lichinga muno, ndipo ndimalemba zimene sikelo yaonetsa basi. Katundu akapitirira, sindidinda mpaka atsitseko. Madalaivala ena amatukwana, ndipo pamalo ena anandichotsapo ntchito pa chifukwa chomwechi.

Mwana woyamba wa mphunzitsi uja tsopano amagulitsa nyemba pamsika waukulu. Ndimagula kwa iye. Amandipatsa moni mwaulemu, amanditcha amayi, ndipo mpaka lero sindinamuuze kuti ndine yani.