Tsekera wa Nkhwali za a Yoramu

A Yoramu a ku Kasinje anabwerako ku migodi ya ku Joni ndi wailesi, jekete lachikopa ndi makutu akufa. Chitsulo chobowolera miyala ndicho chinawagonthetsa. Wailesiyo ankangoipukuta fumbi. Kutchalitchi ankayang'ana milomo ya anzawo kuti adziwe pamene nyimbo yafika.

Koma nkhwali ankaimva, ee! Mbalame yaphokoso ija ikakuwa mbandakucha, kulira kwake kosasa kunkalowabe pang'ono m'khutu lakumanzere. Pa zolira zonse za m'dziko muno, chinawatsalira n'chomwecho.

N'chifukwa chake kumunsi kwa munda anasiyako tsekera ndi zitsamba, osalimamo. Nkhwali imaikira mazira pansi, m'udzu, ndiye ukatentha udzuwo wapsereza mtundu womwe. Munthu akaitchula nkhanga ankapsa mtima: "Nkhanga ili ndi mawanga, inu! Iyi njofiira miyendo ndi pakhosi, msuwani wake wa nkhuku." Kale nkhwali zinkalira phiri lonse. Misampha ndi moto wa osaka mbewa zinazimaliza, kunangotsala banja limodzi m'tsekera mwawomo.

Chaka chilichonse udzu ukauma ankalambula mozungulira kuti moto usalumphire. Mwana wawo Janeti, yemwe ankawasamalira, zinkamuwawa zimenezi. "Bambo, malo onsewa a chimanga, inu n'kumalimira mbalame?" ankatero mokuwa, pakamwa pali pakhutu pawo. Iwo ankangomwetulira. Kaya sanamve, kaya dala, adziwa ndani.

Chaka chatha chifuwa chinawagoneka mwezi wathunthu, ndipo sanalambule. Tsiku lina masana, mu Okutobala, Janeti anaona utsi uli tolo kumunda. Anaima kaye. Tisaname, mumtima anati upse basi, tidzalepo nyemba. Atacheuka anaona bambo ake akukwawa pakhomo, akukoka khasu lomwe sakanatha n'kulinyamula komwe.

Mayo ine! Chifundo chinamugwira Janeti. Anathamanga, nathyola nthambi zaziwisi, n'kuyamba kumenya moto yekhayekha mpaka dzuwa kupendeka. Chitenje chinapsa m'mphepete, manja onse matuza okhaokha. Tsekera anatsala kachigawo kochepa, kosakwana ndi bwalo lapakhomo lomwe.

Kutangoyamba kucha anawatulutsa bambo ake pakhonde, nawakhazika pampando, khutu lakumanzere litaloza kumunda. Anadikira, mtima uli m'mwamba. Kenako kumunsi kuja nkhwali inakuwa, kamodzi, kawiri. Janeti analumpha ngati mwana, natembenukira kwa bambo ake.

Nkhope yawo inali phee. Ankadikirabe. Matenda aja anali atatseka ndi khutu lotsalalo.

"Zapsa eti, mwana wanga?" anafunsa a Yoramu.

Janeti misozi inangoti mbwee. Anagwada, nagwira dzanja lawo ndi manja ake amatuzawo. Nkhwali ikakuwa, iye ankalifinya dzanjalo, ngakhale zinkamupweteka. Poyamba nkhalambayo inadabwa, kenako inazindikira. Nkhwali inakuwanso kasanu, ndipo a Yoramu anawerenga kasanu konseko, mokweza.