Mandimu a Mayi Keziya

A Keziya anafika ku Mchinji m'chaka cha 1987 ali pamwamba pa lole, pamodzi ndi amuna awo ndi mabanja ena amene anatengedwa ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti ina ya ku Mkanda. Anakhala pa utenanti zaka khumi ndi zinayi. Amuna awo atamwalira, mwini esiteti anawapatsa masabata awiri kuti atuluke m'nyumba, ndipo popeza kwawo kunalibe munda wowadikira, anayamba kugwira ntchito m'makomo a anthu pa boma.

Ine ndinawapeza mu Julaye 2008 ali kwa mayi Rhoda, mkulu wa bungwe limene linandilemba ntchito nditangomaliza maphunziro a ku yunivesite. Bungwelo linandipatsa chipinda kuseri kwa nyumba ya mayiwo, ndi miyezi isanu ndi umodzi yondiyesa ngati ntchito ndingaithe.

Mayi Rhoda anaphunzira ku Ulaya, ndipo anabwerako ndi makina ophikira khofi, aakulu ngati wailesi. Khofi wake amakhala m'timakapu totsekedwa, timene a Keziya ankatitchula kuti makapisozi. Ukaikamo kamodzi n'kudina batani, madzi otentha amadutsa m'timapaipi ta m'kati, khofi n'kutsikira m'kapu. Kupatula eni ake, a Keziya okha ndiwo ankaloledwa kuwagwira, ndipo anali atawasamala zaka ziwiri osavuta n'kamodzi komwe.

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankafinya mandimu anayi, kusefa madzi ake pa kansalu koyera kuti pasadutse njere, kuwasakaniza ndi madzi ena ndi kuwathira m'kathanki ka kumbuyo kwa makina. Ankadina batani mulibe kapisozi, kudikira pang'ono, kudinanso, mpaka kathanki kaume. Kenaka ankatsukuluza katatu ndi madzi okhaokha, ndi kukwecha polowera kapisozi ndi mswachi wakale. Madzi a pa mjigo wa pakhomo sankawathiramo konse. Dzinja ankatchera a mvula m'migolo iwiri, ndipo migolo ikauma ankapita ku kasupe wa m'munsi mwa phiri, ulendo wa ola lathunthu kupita ndi kubwera.

Tsiku lina mu Ogasiti ndinakumana nawo pachipata atasenza ndowa.

"Amayi, mjigo si uwu uli pakhomo pomwe? Mukudzivutitsiranji?"

"Makina sawafuna amenewo, a Digiri," anayankha motero, pakuti ndilo dzina limene anandipatsa. "Ali ndi mchere. Bwerani muone."

Anandionetsa m'kati mwa ketulo, m'mene munakakamira zoyera zolimba ngati laimu.

"Ketulo ndimaipala ndi supuni. Nanga m'matumbo a makina ndilowetsamo supuni yanji?"

Sindinawamvere. Ku yunivesite ndinali nditalemba pepala lalitali lonena za nkhanza za utenanti, ndipo ndinadziona ngati munthu wodziwa moyo wa a Keziya kuposa iwo eni. Ndinawafotokozera kuti n'kulakwa kuti mayi wa zaka zoposa makumi asanu azisenza madzi kuchokera kuphiri chifukwa cha kapu imodzi ya munthu wolemera. Kuti umenewo ndi utenanti womwewo umene wangosintha malaya. Kuti dziko linasintha mu 1994 ndipo wantchito ali ndi ufulu wokana. Kuti mfundo yanga ilimbe, ndinafunafuna kabuku ka makinawo, ndipo ndinapezamo mawu oletsa kuthiramo chilichonse chowawasa kupatula mankhwala opangidwira ntchitoyo. Ndinawawerengera mokweza, ndikumasulira chiganizo chilichonse.

"Ndiye mankhwalawo tikagula kuti? Pa msika wa kwa Kamwendo?" anafunsa akuseka.

"Ndikawafunsa ku Lilongwe. Pakali pano musiye mandimu, musiyenso zopita kuphiri."

"Madamu akudziwa?"

Mayi Rhoda ankakhalitsa ku misonkhano, ndipo pochoka ankanena kuti, "Vitus, uziona pakhomo." Pa mawu amenewo ndi pamene ndinaimapo. Ndinawauza a Keziya kuti nkhaniyi ndiisenza ine.

"Chabwino. Ophunzira ndinu."

Mankhwala aja sindinawafunse, ngakhale ndinapita ku Lilongwe kawiri. Mayi Rhoda sindinawauze, chifukwa ndinkadikira tsiku loyenera kukambirana nkhani yaikulu ya ufulu wa antchito, ndipo tsikulo silinafike. Kwa miyezi itatu makina anamwa madzi a pa mjigo osatsukidwa.

Mu Novembala kunabwera alendo atatu ochokera kwa amene ankathandiza bungwe lathu. Atadya chakudya chamasana, mayi Rhoda anawalonjeza khofi amene sangamupeze kwina kulikonse m'boma lonse. Anadina batani. Makina anabuula, anadontheza madontho asanu kapena asanu ndi limodzi, kenaka kagetsi kofiira kanayaka. Anayesa kapisozi wina, zomwezo. Alendo anamwa tiyi.

Galimoto yawo itangotuluka, mayi Rhoda anaitana a Keziya pabalaza. Ine ndinali pomwepo, ndikusonkhanitsa mapepala a msonkhano.

"Makinawa munawatsuka liti komaliza?"

"Mu Ogasiti, madamu."

"Ogasiti! Madzi mukuthiramo ati?"

"A pa mjigo."

"Kodi si inu nomwe munandiuza kuti amenewo amatseka makina? Wakuuzani ndani kuti musinthe?"

A Keziya anandiyang'ana kamodzi. Ine ndinayang'ana mapepala. Kunali kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti nthawi yondiyesa ithe, ndipo mumtima ndinayamba kale kukonza mfundo zosonyeza kuti kulankhula munthu ali wokwiya sikuthandiza aliyense. Mfundozo zinali zomveka bwino, monga mmene mfundo zanga zonse zinkamvekera.

"Palibe, madamu," anatero a Keziya.

Mwezi utatha anachotsedwa ntchito, ndipo m'malo mwawo munalowa mayi wina wa ku tchalitchi kwa mayi Rhoda.

Loweruka lina mu Disembala, eni nyumba atachoka, ndinagula mandimu kumsika ndi kuchita zonse zimene ndinkaona a Keziya akuchita. Ulendo woyamba sipanatuluke kanthu. Wachitatu kunayamba kutuluka madzi otuwa okhala ndi tizidutswa toyera, ndipo pofika wachisanu ndi chimodzi madzi ankatsika bwinobwino. Komabe ndinakhala chete mpaka Januwale, pamene ndinalandira kalata yondikhazikitsa pa ntchito. Tsiku lotsatira ndi pamene ndinaulula.

Mayi Rhoda anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye ukufuna nditani, Vitus? Ndichotse amene alipoyu, amene sanalakwe kanthu?"

Ndinapempha kuti angowalembera a Keziya kalata yaumboni yoti akapezere ntchito kwina.

"Wantchito amene amamvera mlendo n'kundibisira ine mwini nyumba, ndimulembere kuti chiyani?"

Ndinatsutsana nawo kwa ola lonse, ndipo kalatayo sanalembe. Ndinailemba ndekha.

Mu Febuluwale ndinapalasa njinga kupita ku Mkanda, kumene ndinamva kuti a Keziya anabwerera. Ndinawapeza pansi pa chigafa choumitsiramo fodya, akusoka masamba a fodya pa ganyu pamodzi ndi amayi ena, manja ali bii ndi utomoni.

"A Digiri!" anafuula. "Lero mwabwera kudzatiletsa chiyani?"

Amayi aja anaseka. Ndinakhala pansi ndi kupepesa, mwina motalika kuposa mmene zinafunikira. Iwo sanasiye kusoka.

"Makina anadzuka?"

"Anadzuka, amayi. Ndi mandimu."

"Munasefa? Njere imodzi ikalowa, mudzalira."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananditchulire tsiku lija.

"Ndikanakutchulani, akanakukalipirani inu n'kuchotsabe ine. Kapena akanachotsa tonse awiri. Inu nokha ayi. Ndakhala m'makomo a anthu, achimwene, ndikudziwa."

Ndinatulutsa kalata ija ndi kuwawerengera: kuti ndi munthu wokhulupirika, waukhondo, wodziwa kusamala zipangizo za magetsi. Anamvetsera mutu uli pansi.

"Yakoma. Wasaina ndani, madamu?"

"Ndasaina ine."

"Inu? Pa boma paja akukudziwani ndani?"

Anaitenga ndi nsonga za zala kuti isade, n'kuipinda ndi kuimanga pa mfundo ya chitenje. Kenaka kapitawo wa esiteti anatulukira ndi ngolo ya masamba ena, ndipo a Keziya anandipempha kuti ndisendeze njinga yanga, ngolo idutse. Anapita nayo kalatayo m'makomo atatu a pa boma fodya atatha, ndipo konseko anawafunsa chifukwa chimene sanasainire mayi Rhoda. Nyengo ya fodya yotsatira inawapeza ali pa esiteti yomweyo.