Tsiku lomwe munandiberekera mwana

A Sisita NyaGondwe, lero wodi yathu ya amayi kuno ku Rumphi yalandira mphoto ya unamwino wabwino, ndipo anaitana ine kukailandira.

Ndakumbuka m'mawa uja ndinatsala pang'ono kusiya mayeso a uzamba ku Mzuzu chifukwa wolera mwana sanabwere. Inu munali mutangoweruka, ndipo munandipeza ndikulira kuseri kwa wodi. Munangomutenga mwana wanga Tiwonge n'kumubereka pamwamba pa yunifolomu yanu. Munati, "Iwe, minibasi sidikira misozi. Thamanga, ukatilembere bwino." Ndinakhoza, amama. Pano ndine ndimakankha anamwino achitsikana kuti abwerere kusukulu, ndipo akadandaula ndimawauza za inu. Munatisiya musanaone zimenezi, koma manja onse m'wodi muno munawaphunzitsa ndinu.

Yewo chomene. Usani mumtendere.