Mfundo ya Chifuwa ya a Kamtedza

Kukangoyera ku Wonderkop, mabasi a kumgodi asanayambe kudutsa, bambo Yona Kamtedza amatsokomola kaye mpaka chifuwa chiwalole, kenako amasita shati yachipani. Amatero tsiku lililonse, ngakhale msonkhano umachitika kamodzi pamwezi. Ndi apampando a nthambi ya ku Joni ya chipani china chakwathu. Mamembala alipo khumi ndi mmodzi, atatu mwa iwo tinaika kale m'manda koma mayina sanafufutidwe.

A Kamtedza anagwira ntchito pansi mumgodi ndi malemu amuna anga zaka makumi awiri, ndipo fumbi limene linatenga amuna anga lili m'mapapo mwawo. Amafuna kubwerera ku Ntcheu, koma akuopa kuti sakapeza wowayeza matenda a kumgodi. Ndiye analemba mfundo: chipani chikalowa m'boma, machona odwala chifuwa aziyezedwa m'zipatala zakwawo.

Nthambi inavomereza pakhonde panga, ine ndikuthira tiyi. Vuto linali kokaipereka. Malamulo achipani amati mfundo ichoke kunthambi, ipite kudera, kuchigawo, kenako kulikulu. Koma Rustenburg, dera lathu lino, sali m'chigawo chilichonse. Atakambirana miyezi isanu, akuluakulu anatiika m'chigawo chakummwera, poti Joni ndi kummwera ndithu.

Komiti ya chigawo inachotsa mawu oti "kumgodi", akuti alimi angachite nsanje. Komiti ya zaumoyo inati za machona n'za komiti ya zakunja. Ya zakunja inachotsa "chifuwa", poti iwo si madokotala. Zotsalazo zinawerengedwa pamsonkhano waukulu, ndipo a Abdallah, mlembi wathu, anatiwerengera pafoni yawo: "Chipani chimanyadira ana ake amene ali kunja."

A Abdallah anadzutsa mutu. "Achimwene, nanga chifuwa chija chili pati apa?"

"Chili m'katimo," anatero a Kamtedza. "Inu ndondomeko simuidziwa."

"Ayi, chachira panjira. Chatsala chanu chokha."

A Kamtedza anayamba kuwombera m'manja mfundo ija, chifuwa n'kuwadula. Ine ndinati chamumtima Ambuye atikhululukire, n'kutola makapu.

A Kamtedza sanadandaule. Kungoti potumiza mfundo ija anaikamo chithunzi cha mapapo awo chakuchipatala, chokhacho chimene anali nacho, kuti akuluakulu aone ndi maso. Tsopano dokotala wawo akuchifuna kuti ayerekeze ndi chatsopano. A Abdallah akuti mwina chikudikira komiti ya zithunzi. Mu Febuluwale a Kamtedza analembera kulikulu mwaulemu wonse, mizere itatu yokha, kuti akamaliza kuchiona awabwezere. Sanayankhidwebe.