Jekete la Bambo a ku Joni

Ndili chaka chachitatu pa yunivesite ku Mzuzu, ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi ena ku Nkhorongo. Kwathu ndi ku Zomba, ndipo nditangofika, Chitumbuka chomwe ndinkadziwa chinali "yewo" basi. Mayiwo ndi amene anandizoloweza mzindawo. Ankagulitsa nthochi ndi mbatata mumsika waukulu. Ana awo awiri anali atakula n'kupita kutali, moti pakhomopo tinalipo awiriwiri. Ndinkawaitana kuti amama ngati mmene ankachitira aliyense m'deralo, iwo n'kumanditchula kuti "mwana wane". Chichewa ankachiyankhula chifukwa cha ine, chosakanikirana ndi Chitumbuka, mawu ake okwera ndi kutsika ngati akuimba.

Amuna awo anapita ku Joni kalekale kukafuna ntchito ndipo anali asanabwereko. Anasiya jekete lakuda la mabatani atatu. Poti ku Mzuzu zovala sizichedwa kununkha chinyezi, Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi amama ankalitulutsa, kulipachika pachingwe, n'kumalisasa ndi dzanja.

"Abambo anu akabwera asadzalipeze likununkha, yayi," ankatero. "Abwera mwezi wa mawa uno."

Mwezi wa mawawo ndinaumva kwa zaka ziwiri.

Ine ndinkaphunzira zisudzo ndi magule. Chaka chilichonse gawo lathu linkakhala ndi nyengo yoonetsa ntchito zathu kwa anthu, milungu itatu yathunthu. A chaka choyamba ankavina malipenga ndi vimbuza, a chaka chachiwiri ankasewera masewero olembedwa kale, pomwe ife a chaka chachitatu tinkayenera kupeka athuathu. Malikisi a chaka chonse ankadalira pamenepo. Aphunzitsi athu, bambo wamtali wosakonda kuseka, anatiuza kuti, "Musandibweretsere anthu a m'mutu mwanu. Pitani kumsika, kudepoti, kumene mumakhala. Kaoneni anthu enieni."

Gulu lathu linali la anthu asanu, ndipo mlungu woyamba wokonzekera tinangokangana. Tsiku lina, pofuna kungoseketsa anzanga, ndinanyamula juzi ya mnzanga, n'kuyamba kuisasa uku ndikuyenda mowerama pang'ono ngati amama. Ndinakweza mawu mmene ankachitira iwo: "Abwera mwezi wa mawa uno, yayi, abwera chomene!" Anzanga anaseka mpaka wina kugwa pampando. Aphunzitsi, amene ankadutsa, anaima pakhomo.

"Ameneyo ndiye munthu," anatero. "Mangani sewero lanu pa iyeyo."

Chiyambireni sukulu anali asanandiyamikirepo. Ndinabwerera ku Nkhorongo mtima uli m'mwamba, ndipo kuyambira tsikulo ndinayamba kuwayang'ana amama ndi diso lina. Akamandiuza za mmene anakumanira ndi amuna awo kukwaya, kapena za foni yomaliza imene anawaimbira, ndinkamvetsera ngati mwana wabwino, kenako n'kuthamangira kuchipinda kukalemba.

Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri ndi cha jekete. Tinasowa jekete looneka lachikale, ndiye ndinapita kwa iwo.

"Amama, tikusowa jekete kusukulu. Mnyamata wina akusewera ngati mphunzitsi wamkulu."

Analowa kuchipinda, analitulutsa, analisita, n'kuliika m'jumbo yoyera.

"Mulisamale, mwana wane. Koma mphunzitsi wamkulu limuyenera. Abambo anu ankaoneka bwana akalivala."

Sewero lathu linaikidwa Loweruka masana. Ndinadziwa kuti Loweruka amama sachoka pamsika, ndiye nditawauza kuti ndikasewera, sindinawaitane ndipo sindinade nkhawa. Kunkawaza mvula tsikulo, koma holo inadzaza: ophunzira, ana a sekondale ochokera ku Katoto, makolo, ndi anthu wamba. Tinayamba ng'oma za a chaka choyamba zitangoleka.

Ndinasewera ngati sindinasewerepo. Ndinasasa jekete, ndinalipatsa moni, ndinaliikira mbale ya chakudya. Izi zinazi ndinawonjezera ndekha, amama sankachita. Ndikati "mwezi wa mawa uno", holo yonse inkandiyankha pamodzi. Pamapeto panali poti ndivine ndi jekete ngati ndikuvina ndi mwamuna, manja ake nditawakoleka m'khosi mwanga. Ndikutembenuka choncho, maso anga anagwera pamzere wachitatu chakumanja.

Amama anali atakhala pamenepo, atavala chitenje chawo chopita nacho kutchalitchi, pakati pa amayi awiri a umanyano, gulu la amayi la kumpingo kwawo. Pamwendo anali ndi kabasiketi. Mmodzi wa anzawowo anali atagwira pakamwa. Winayo sankayang'ana kutsogolo, ankayang'ana amama. Iwo sankaseka, sankalira, ankangoyang'ana jekete.

Ndikanakonda kunena kuti ndinasiya kuvina, koma sindinasiye. Miyendo inapitiriza yokha, anthu anaomba m'manja ataimirira, ine ndinawerama kuthokoza jeketelo lili m'manja.

Nditatuluka, ndinawapeza atandidikira pakhonde la holo. Anandipatsa kabasiketi kaja. Munali nthochi zakupsa ndi mandasi.

"Ndinati mukamaliza mukhala ndi njala," anatero. "Pamsika ndasiyira anzanga."

Ndinalephera kuwayang'ana. Mmodzi wa amayi aja anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu.

"Ndiye maphunziro ake amenewa?" anafunsa. "Munthu akusungani ngati mwana wake, inu n'kukamuvula pagulu?"

"Asiyeni," anatero amama. Anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa jekete. Linali ndi thukuta langa ndi ufa umene ndinadzola kumutu kuti ndioneke wa imvi. Analipinda, analiika m'khwapa, n'kupita kukakwera kabaza mvula ikuwaza.

Sewerolo linayenera kuonetsedwa kawirinso. Ndinapita kwa aphunzitsi n'kuwafotokozera zonse.

"Munawapempha chilolezo?" anandifunsa.

"Ayi."

"Ndinakuuzani kuti mukaone anthu. Sindinati mukawabere." Anapukusa mutu. "Mwina nanenso ndikanakufunsani poyamba paja. Tsopano anzanu anayi akudalira inu. Sankhani nokha."

Ndinasankha kusewera. Tinabwereka jekete lina kwa mlonda wapageti, ndinachotsa pamene ndinkavina nalo, koma zina zonse ndinazisiya momwemo. Anthu anasekabe. Tinapeza malikisi apamwamba kuposa magulu onse, ndipo kwa milungu ingapo anthu osawadziwa ankandikuwira pamsewu kuti, "Mwezi wa mawa uno!" Tsiku lina ndinamva achinyamata ena akukuwa mawu omwewo mumsika, pafupi ndi pamene amama ankagulitsa. Ndinabwerera ndisanagule chimene ndinadzera.

Pakhomo sanandithamangitse. Mmawa ankandipatsabe moni, ndikadwala ankandiphikirabe phala. Koma nkhani zawo anasiya kundiuza, ndipo Lamulungu pachingwe pankakhala zitenje ndi nsalu za patebulo basi. Ine ndinayamba kuchoka m'mamawa n'kumachedwa ku laibulale. Kupepesa ndinkakukonzekera panjira tsiku lililonse, koma ndikafika pageti mawu ankandithawa. Zinatenga miyezi iwiri.

Linali Lamulungu masana, iwo akusankha nyemba pakhonde. Ndinagwada pambali pawo.

"Amama, ndinakulakwirani. Ndinakunamizani za jekete, ndipo ndinakusandutsani choseketsa. Pepani."

Anapitiriza kusankha nyemba kwa kanthawi.

"Kuyenda kuja munanditengera ndithu," anatero. "Mawunso ndi anga. Anzanga anandizindikira musanathe n'komwe mawu atatu. Koma chimodzi munalakwitsa. Mayi wa m'sewero lanu uja anali chitsiru. Ine sindine chitsiru, mwana wane."

Ndinaweramitsa mutu, iwo n'kupitiriza.

"Ndikudziwa kuti abambo anu ali ndi mkazi wina uko, ndi ana atatu. Mlamu wanga anandiuza kalekale. Sabwera. Kodi mumaganiza kuti sindidziwa?"

"Nanga bwanji mumanena kuti abwera?"

"Mumafuna ndizinena chiyani? Anthu akamafunsa tsiku ndi tsiku, ndiziti anandisiya? Ndikati abwera, munthu amangoti yewo n'kupita, nkhani yatha. Ndi inunso ndinkatero kuti musamandimvere chisoni." Anathira nyemba zosankha mumphika. "Mukanandifunsa, bwenzi nditakuuzani zonse. Mwina sewero lake likanakhala labwino kuposa lija. Koma simunafunse."

Ndinalira, ndipo iwo sanandiletse kapena kunditonthoza. Nditamaliza anandituma kukatunga madzi oti aphikire nyembazo.

Ndinakhalabe pakhomopo mpaka kumaliza chaka chachinayi. Tinayambiranso kucheza pang'onopang'ono, ngakhale kuti sizinabwerere mwakale. Akayamba nkhani ina yokhudza iwo eni, nthawi zina ankaima pakati, kundiyang'ana, n'kusintha nkhani. M'nyengo ya zisudzo ya chaka chomalizacho ndinapempha kuti ndisakwere pasiteji, ndinagwira ntchito yosoka ndi kusita zovala za osewera. Aphunzitsi anavomera osandifunsa chifukwa.

Tsiku lolandira digiri, makolo anga atabwera kuchokera ku Zomba, anagona kwa amama. Anawalandira bwino, anawaphera nkhuku. Mayi anga anawathokoza chifukwa chondisunga, n'kuwafunsa ngati sindinawavutitse.

"Yayi," anayankha amama. "Mwana wabwino chomene. Waluso."

Mayi anga anasangalala kwambiri ndi mawu amenewo, ndipo mpaka lero amawabwereza akamakamba za ulendo wawo wa ku Mzuzu. Sindinawauzepo zimene zinachitika. Pano ndimaphunzitsa zisudzo pasekondale ina kumwera kuno. Amama ndimawaimbira foni pa Khirisimasi, ndipo timakamba za mvula, za mitengo ya nthochi, ndi za zidzukulu zawo.