Dzanja la Kwaya

Ine ndimasoka zovala ku Ndirande, khomo ndi khomo ndi shedi ya a Kumbusko Mhango, ndiye za bambo amenewa musandiuze. Kwawo ndi ku Rumphi. Ankagwira ntchito ya zamagetsi pa fakitale ina ku Makata, ndipo ntchito itatha anadzipangira okha makina osema zilembo ndi maluwa pa matabwa. Zitsulo za bedi, malamba otola m'makina akutha, kompyuta yakalekale, basi. Lamulungu ankaimba kiyibodi kutchalitchi kwathu, ndipo zala zawozo mpingo wonse unkazinyadira.

Makinawo ankayendera timamota totchedwa masitepa. Phokoso lake, abale! Ngati udzudzu wakukhalira m'khutu tsiku lonse. Koma timamotato tinali taulemu: chinthu chikatitsekereza tinkangolira kuti krrr, n'kuima. A Mhango anazolowera zimenezo. Akaona kuti kachitsulo kodulira kakulowera kolakwika sankathamangira batani lozimitsira ayi, ankangotsamiza chikhatho pa mtanda woyenda umene umanyamula kachitsuloko, makina n'kugonja.

"Achimwene, dzanja limenelo ndi la kwaya," ndinkawadzudzula.

"Aa, mlongo, makinawa amandidziwa," ankatero akuseka.

Vuto linali lakuti masitepa akagonja choncho ankasokonekera, n'kumasema posayenera, thabwa n'kuwonongeka. Ndiye chaka chatha anaitanitsa mamota amtundu wina otchedwa masevo. Anandifotokozera okha, pakamwa pawo, kuti amenewa amadziwa pamene ali, ndipo ukawatchinga amawonjezera mphamvu mpaka akafike pamene atumidwa. Anamasula zakalezo, anamanga zatsopano, anasintha mawaya. Atayatsa, zii! Ndinachita kukasuzumira poganiza kuti magetsi azima, koma ndinapeza mtanda ukuthamanga mwakachetechete.

Tsiku lina ankasema chitseko cha mlombwa. Ine ndinaima pakhomo pawo, diresi ya kasitomala ili m'manja, tikucheza. Kachitsulo kodulira kanayamba kulunjika pa chopanira thabwa. Ndinaona ndi maso angawa dzanja likupita lokha, monga linkapitira zaka zonsezi. Mtanda sunaime. Unakankha chikhathocho mpaka kuchifikitsa pa chipilala cha m'mbali mwa makinawo, n'kupitiriza kukankha.

Mayo ine! Sindinamvepo bambo wamkulu akukuwa chonchija. Amene anazula waya pakhoma ndine, koma kuti ndinalumpha bwanji mulu wa matabwa umene unali pamenepo sindikudziwa mpaka lero. Ndinakulunga dzanjalo ndi diresi ya mwiniwake. M'minibasi popita kuchipatala sanalirenso. Ankangoyang'ana nsalu ikufiira, n'kumanena kuti, "Koma ndimadziwa, mlongo. Ndimadziwatu ine."

Mtima wanga unawawa, komanso ndinapsa nawo mtima, kunama sindinama. Munthu wanzeru zopanga makina ndi zitsulo za bedi, zoona?

Zala ziwiri madokotala anadula. Makina aja alipo, ali ndi batani lalikulu lofiira tsopano, ndipo akusema bwino kuposa kale, anthu akuchita kuchokera ku Machinjiri ndi matabwa awo. Koma kutchalitchi kiyibodi tinaifunditsa nsalu, kwaya ikuimba ndi m'manja basi. A Mhango amakhala benchi ya kutsogolo kwanga. Nyimbo ikayamba, zala zotsala zija zimayenda pa bondo lawo, ndipo zikafika pamene pankagunda ziwiri zija, dzanja lonse limaima.